Mamita 14 amene anameza theka la simenti: khoma lotchinga dothi m'mbali mwa phiri ku Blantyre

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu ambiri okhala m'mphepete mwa mapiri a mu Blantyre anayamba kuyang'ana kuseri kwa nyumba zawo ndi mantha. Matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe ndi ku Manja zinali zisanachoke m'maso mwa munthu aliyense. Ntchito imene ndikufotokoza pano inabwera m'miyezi imeneyo. Mwini malo ali ndi nyumba yosungiramo katundu yomwe anaimanga atasema phiri, ndipo kuseri kwake kunatsala gomo lotalika mamita 6, lotambalala mamita 48, lomwe linakhala zaka zambiri popanda chotchinga. Mvula ija itatha, pamwamba pa gomolo panatseguka mng'alu wolowa dzanja. Kumtunda kwake kuli kamsewu kafumbi ndi nyumba za anthu.

Pakati pa gomo ndi nyumbayo panali mpata wa mita imodzi ndi theka basi, choncho khoma lamiyala lodalira kulemera kwake silikanakwana. Tinagwirizana zomanga khoma lopyapyala la konkire ya zitsulo n'kulimangirira kuthanthwe ndi anangula 48, m'mizere iwiri, motalikirana mamita 2. Nangula aliyense anali chitsulo cha mamilimita 32, chotalika mamita 12, cholowa m'bowo la mamilimita 115 lopendekekera pansi madigiri 15. Mamita 6 oyamba chitsulo chimakhala m'paipi yapulasitiki yosalala kuti chizitha kutamuka pochikoka. Mamita 6 akumapeto ndi amene amagwira, ndipo chogwiritsa ndi phala la simenti ndi madzi lomwe pantchito timangoti grout. Phala lomwelo ndi limene limateteza chitsulo ku dzimbiri. Nangula aliyense anayenera kunyamula 180 kN (mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 18), ndipo tinalemba kuti aliyense adzakokedwe mpaka 270 kN tisanamuvomereze.

Ine ndinali injiniya woyang'anira, ndipo chiwerengero cha simenti ndinapanga ndine.

Momwe ndinawerengera

Bowo la mamilimita 115 limalowa malita 10.4 pa mita iliyonse, kutanthauza malita pafupifupi 125 pa mamita 12. Chitsulo chimatenga malo a malita 0.8 pa mita, ndiye potsala malita 115. Mkati ndi kunja kwa paipi yapulasitiki tinkadzaza nthawi imodzi kuchokera m'thanki imodzi, choncho zonse zinalowa m'chiwerengero chomwechi. Tinasankha simenti ya 42.5 (nambala yosonyeza mphamvu yake), madzi malita 22.5 pa thumba la makilogalamu 50, womwe ndi muyeso wa 0.45 wa madzi poyerekeza ndi simenti. Simenti ya m'thumba limodzi payokha imatenga malo a malita 15.9, ndiye ukaphatikiza ndi madzi aja, thumba limatulutsa phala la malita 38.4. Malita 115 ndi matumba atatu ndendende.

Palibe bowo limene limadya matumba atatu okha. Mutu wa choboolera umagwedera m'dothi lofewa, ndipo bowo likangokula kuchoka pa mamilimita 115 kufika pa 125, phala lofunika limakwera ndi pafupifupi 20 peresenti. Paipi yalabala ya mamilimita 25 yotalika mamita 30 imasunga malita pafupifupi 15 omwe amatayika nthawi iliyonse mukatsuka. Lina limatsalira pansi pa thanki, lina limapita m'timabokosi toyesera mphamvu ku labotale, ndipo lina liyenera kusefukira pakamwa pa bowo mpaka lotuluka lifanane ndi lolowa. Ndinawonjezera 30 peresenti, zinakwana matumba 4 pa bowo, 192 onse pamodzi. Mwini malo anagula 200.

Masamuwa analibe vuto. Vuto linali pomwe ndinawaika. Tisanayambe tinaboola mabowo awiri ofufuzira, limodzi kumbali iyi ya gomo, lina kumbali inayo. Onse anaonetsa zofanana: katondo, kenako mwala wa gneiss wofumbutuka, kenako thanthwe lolimba. Ndinatenga kuti pakati n'chimodzimodzi. Pakati pomwepo gomolo linali lopakidwa matope a simenti akalekale, obiriwira ndi ndere, pomwe mbali zonse ziwiri dothi linali poyera. Ndinaona, koma sindinafunse chifukwa chimene munthu anapakira malo okhawo.

Matumba 18

Tinayamba mzere wapamwamba kumapeto kwa Okutobala, kuti mutu wa gomo ugwidwe mvula isanagwe. Mabowo tinawapatsa manambala A1 mpaka A24. Kunkatentha kwambiri moti migolo ya madzi tinaimangira kachisakasa, ndipo phala tinkalipopa m'mawa kapena dzuwa litapendeka kuti lisayambe kugwirana lili m'thanki. Sabata yoyamba ndinalipo pa mabowo atatu, zonse zinayenda bwino, ndipo ndinapita kukayang'ana ntchito ina.

Pa 9 Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa simenti unakwera m'masiku ochepa. Mwini malo, yemwe poyamba sankalowa m'sitolo, anapita kukawerenga matumba ake. Mabowo 12 anali atadzazidwa. Malinga ndi pepala langa anayenera kutuluka matumba 48, koma anatuluka 66. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera.

"A injiniya, simenti yanga ikutuluka pageti usiku. Mlonda ameneyu achoke lero."

Ndinawapempha kuti adikire ndifike. Kunena zoona, ndili m'njira inenso ndinkaganiza zomwezo, chifukwa simenti kubedwa pamalo a ntchito si nkhani yachilendo. Ndipo ndinalibe choyankhira. Ndinali ndisanapereke pepala lolembapo matumba a bowo lililonse. Cholembedwa chokha chinali buku la kusitolo, lomwe limangosonyeza matumba otuluka patsiku.

Amene anapulumutsa mlonda uja ndi mnyamata wosakaniza phala. Anthu akukangana pageti, anandikoka malaya n'kunena chapansipansi, "Bwana, bwerani muone kuno." Kuseri kwa thanki yosakanizira ankalemba ndi choko nambala ya bowo, ndipo pansi pake ankajambula kamzere pa thumba lililonse limene wathira. Palibe anamutuma, ankangofuna kuti asasokonezeke pa madzi. Kuyambira A1 mpaka A9 timizere tinali tinayi tinayi, pena titatu, pena tisanu, tonse 36. Pansi pa A10 panali 7. Pansi pa A11 panali 14, ina yopindikira m'mbali chifukwa malo anamuthera. Pansi pa A12 panali 9. Matumba opanda kanthu anawapsinja ndi mwala pakona. Tinawawerenga pamaso pa mwini malo, anakwana 66.

Simenti inali italowa pansi. Funso linasintha: yapita kuti?

Nditakhala pansi ndi woboola ndi a kapitawo, zinthu zinatuluka zomwe aliyense ankaziona ngati zazing'ono. Kuyambira pa A10 choboolera chinkalumpha, mpweya wotulutsa fumbi unkasowa osabwerera, ndipo m'zinyalala zotuluka munkapezeka tizidutswa ta njerwa zootcha. Pa A11 phala linachedwa kwambiri kutulukira pakamwa, ndipo kutacha anapeza latsika mamita 4, n'kuwonjezera kudzera m'kapaipi. Pa A12, bowo lomwe analiboola kale n'kulisiya lotsegula, chitsulo chinakana kulowa mita yomaliza chifukwa pansi panali patauma phala lochokera ku A11, ndipo anaboolanso osauza munthu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakwera kumtunda kukaona ngati phala latulukira pabwalo la wina. Ndinapeza agogo ena akusenda chinangwa pakhonde, ndinawalonjera n'kuwafunsa za malowo.

"Mwana wanga, pamene mukuboolapo panali khwawa," anatero. "Nthawi ya dzinja tinkachapa pamenepo. Atabwera omanga msewu uwu ndi amene anathira miyala ndi zigumukire."

Khwawa lokwiriridwa ndi miyala ikuluikulu ndi zigumukire limakhala ndi mphako zolowa mkono. Matope a simenti aja anapakidwa pomwe madzi ankachucha.

Mabowo awiri amene anadya matumba anayi

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo cholakwa ichi chinali choopsa kuposa choyamba. Ndinauza a kapitawo pakamwa kuti aime kudzaza mpaka ndibwere ndi njira ina, koma sindinalembe, ndipo ndinatenga masiku atatu. M'masiku amenewo mwini malo anali atanenetsa kuti sawonjezera thumba ngakhale limodzi. Kontilakitala ankalipidwa pa nangula womalizidwa, osati pa thumba, ndipo makina oboolera anali obwereka, olipira patsiku. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo kulikonse. A kapitawo anapanikizika mbali zonse, ndipo anadzaza A13 ndi A14.

Nditabwera ndinapeza timizere tinayi pansi pa bowo lililonse mwa awiriwo, pakamwa pali podzaza bwino. Mwini malo anali wokondwa kuti zinthu zabwerera m'malo. Ine mtima unagunda. Mabowo amenewa ali pakatikati pa khwawa, pafupi ndi limene linameza matumba 14, ndiye akanakhuta bwanji ndi anayi? Ndinawatengera a kapitawo pambali.

"Akulu, tandiuzeni zoona, phala linatulukira lokha pakamwa?"

Anakhala chete kaye, kenako anati ayi. Anawonjezera madzi mpaka malita 30 pa thumba kuti phala lichuluke, anapopa matumba anayi, ndipo litakana kutuluka anatseka kukhosi kwa bowo ndi pepala la thumba n'kuthira phala pakamwa ndi ndowa.

Malita 30 pa thumba ndi muyeso wa 0.60. Thumba limatulutsa malita 45.9 m'malo mwa 38.4, ndipo munthu amaona ngati wapindula. Koma phala lamadzimadzi limathamanga kwambiri m'ming'alu, ndiye m'malo otayikira limatayika loposa. Likakhazikika simenti imatsika, madzi n'kuyandama pamwamba, ndipo m'bowo logona chopendekeka madziwo amasiya mpata kumtunda kwa chitsulo m'litali mwake monse. Mphamvu imachepa, chitetezo ku dzimbiri chimachepanso. Kusiyanaku sikuoneka bwino ndi maso, koma sikelo yaing'ono yomwe oboola amati mud balance imakuonetsa pa mphindi imodzi: phala la 0.45 limalemera makilogalamu 1.89 pa lita, la 0.60 limalemera 1.74. Sikeloyo tinali nayo, inali m'bokosi muofesi.

Timabokosi ta mabowo oyamba titaonetsa kuti phala lapitirira mphamvu ya 30 MPa yomwe tinalemba, tinabweretsa jeke yokokera anangula. A1 mpaka A9 anapambana mosavuta. A10, A11 ndi A12, omwe aliyense ankawakayikira chifukwa cha kudya kwawo, anafika 270 kN n'kukhala phee mphindi 15. Pa A13, titadutsa pang'ono 200 kN, muvi wa geji unayamba kubwerera wokha. Wopopa jeke ankapopa, muvi n'kukwera pang'ono n'kutsikanso, chitsulo chikutuluka pang'onopang'ono tikuona. A14 anafika 270 kN koma sanaleke kusuntha, anapyola malire omwe tinalemba. Onse awiri tinawakana. Mwini malo analipo tsiku limenelo, ataima kumbuyo kwanga, ndipo kuchokera pamenepo nkhani ya matumba tinayamba kuikamba mwamtendere.

Zimene tinasankha

Choyamba tinafuna kudziwa kuti phala likuthawira pati. Malamulo a ku Britain a anangula, BS 8081, ali ndi muyeso wa madzi: bowo la m'thanthwe likamataya madzi oposa malita 5 pa mphindi pokankhidwa ndi mphamvu ya 0.1 MPa (yofanana ndi ya madzi akuya mamita 10) kwa mphindi 10, liyenera kudzazidwa kaye ndi phala n'kuliboolanso. Mabowo athu a m'khwawa sanafike n'poyeza momwemo. Mgolo wa malita 200 unkathera m'bowo madzi osaonekera pakamwa. Tinaboola bowo latsopano pang'onopang'ono, tikuthira madzi pa mamita awiri alionse, ndipo tinapeza kuti mphako zili kuyambira pa mita yachiwiri mpaka yachisanu ndi chitatu. Kupyola pamenepo linali thanthwe labwino losataya madzi.

Njira zinali zitatu. Tikanatha kumangopopa mpaka pansi pakhute, monga zinachitikira pa A11. Ndinakana, osati chifukwa cha mtengo wokha. Khwawa lokwiriridwa ndi njira ya madzi a pansi, ndipo kulidzaza ndi simenti ndi kumanga damu kuseri kwa khoma. Titayang'ana mapaipi otulutsa madzi omwe tinali titaika kale m'munsi, atatu anali atatsekeka ndi phala la A11. Amene anaona zomwe madzi anachita m'mapiri amenewa mu Malichi sangatenge zimenezi mopepuka. Njira yachiwiri inali kuveka chitsulo thumba lansalu lolimba m'chigawo cha mphako kuti phala lisabalalike, koma nsaluyo inayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo nthawi ndi ndalama zakunja zinalibe. Tinasankha yachitatu. Woboola ankalowetsa paipi yachitsulo m'chigawo cha miyala kuti bowo lisagumuke, ndipo tikamaisolola tinkadzaza ndi phala lolimba la simenti ndi mchenga wosefa, muyeso wofanana, popanda kukankha ndi mphamvu. Mchenga umapangitsa phala kuima m'makhosi a mphako m'malo moyenda kutali. Mawa lake, lisanaumitsitse, tinkaboolanso pakati pake, kuyesa ndi madzi, kenako n'kuika nangula ndi phala lake la masiku onse.

Popeza thanthwe m'chigawo ichi linkayambira pa mamita 8, anangula otsala a pamenepo tinawatalikitsa kufika mamita 15. Awiri olowa m'malo mwa A13 ndi A14 tinawaboola theka la mita pambali pa akale. Tinaboolanso mabowo asanu otulutsa madzi olowa mpaka mkati mwa khwawa, okhala ndi mapaipi oboolaboola okutidwa ndi nsalu yosefa.

Kayendetsedwe ka ntchito tinakasintha motere. Bowo lililonse linakhala ndi pepala lake: woboola alembe zomwe akumva ndi zomwe zikutuluka pa mita iliyonse, wosakaniza alembe matumba, madzi ndi kulemera kwa phala, ndipo pakhale nthawi imene phala latulukira pakamwa ndi pomwe lafika m'mawa mwake. Mnyamata wa choko uja ndi amene tinamupatsa mapepalawo. Tinaika malire awiri. Bowo likameza matumba 9, kuwirikiza katatu matumba atatu aja a bowo lopanda zotayika, phala lisanatuluke, aime n'kundiimbira. Likadzaza lisanathe matumba atatu, aimenso. Tinasiya kuboola mabowo oyandikana motsatizana, tinkalumpha limodzi. Ndipo tinalemba chowonjezera pa mgwirizano kuti thumba lililonse lopitirira 4 pa bowo la mamita 12 lilipidwa ndi mwini malo, bola likhale pa pepala losainidwa ndi mbali zonse. Ndimaona kuti mfundo yomalizayi ndi imene inachotsa chiyeso chomwe chinagwetsa a kapitawo. Mukamalipira pa nangula basi pamalo osadziwika bwino pansi pake, mwauza kontilakitala kuti phala lililonse lotayika ndi la m'thumba mwake, ndipo bowo likatsekedwa pakamwa palibe angaone zamkati.

Malire apansi aja anagwira ntchito kamodzi. Pa B20, mzere wapansi, phala linatulukira atangothira matumba awiri ndi pang'ono. Anaima. Titasolola chitsulo phala likadali lofewa, tinapeza kuti kapaipi kopopera kanaduka pa mamita 7 pokanda m'mphepete mwa mwala, ndiye phala linadzaza theka lakumtunda, kumapeto kogwirira kuli madzi okhaokha. Tinatsuka bowolo ndi madzi ndi mpweya n'kuyambiranso tsiku lomwelo. Bowo limeneli pakamwa likanaoneka labwino kuposa onse.

Zotsatira

Tinamaliza pakati pa Disembala. Simenti yonse ya phala inakwana matumba 255, kupitirira chiwerengero changa ndi 63. Mapepala aja amaonetsa kumene inapita. Mabowo 34 a kunja kwa khwawa anadya matumba 128, pafupifupi 3.8 pa bowo, kotero 30 peresenti ija inali yokwanira pa nthaka yabwino. Mzere wapansi unadya mocheperapo chifukwa tinkadzaza mabowo atatu kapena anayi nthawi imodzi tisanatsuke mapaipi. Mabowo 16 a m'khwawa, kuphatikizapo awiri okanidwa aja, anadya matumba 127. Mamita 14 a khoma la mamita 48 anatenga theka la simenti yonse.

Kwa anzanga amene mumawerengera ntchito zoterezi, chimene ndasintha n'chakuti sindiikanso peresenti imodzi pa khoma lonse. Ndimagawa zotayika za pamakina, zomwe zimadalira kuti mutsuka kangati, ndi zotayika za m'nthaka, zomwe ndimawerengera chigawo ndi chigawo. Pomwe sindinaboole bowo lofufuzira ndimalemba poyera kuti chiwerengerocho chidzatsimikizika ndi anangula oyamba a chigawocho, ndipo mwini ntchito amadziwiratu zimenezi asanagule thumba loyamba. Bowo lachitatu lofufuzira pakati pa gomo lija likanatsika mtengo kuposa anangula awiri omwe tinataya. Ndimayendanso kumtunda kukacheza ndi amene anakhalitsa pamalopo ndisanayambe kulemba manambala.

Dzinja la 2023 mpaka 2024 linali lachilala kuno kumwera chifukwa cha El Niño, choncho khoma silinayesedwe kwenikweni chaka choyamba, ndipo ndinamuuza mwini malo kuti asatenge kuima kwake ngati umboni. Dzinja lotsatira mvula inagwa yochulukirapo. Ndinapitako m'mawa wina itagwa usiku wonse. Mapaipi a m'mbali ankangodontha, koma asanu a m'khwawa ankatulutsa madzi oyera mosalekeza, awiri mwa iwo modzaza ndowa pa mphindi zochepa. Mvula itatha tinabweretsanso jeke n'kukweza mitu ya anangula 6, kuphatikizapo A10, A11 ndi A12, omwe mamita awiri a chigawo chawo chogwira ali m'zigumukire osati m'thanthwe. Onse anali akugwirabe mkati mwa 10 peresenti ya mphamvu yomwe tinawamangira. Zizindikiro zomwe tinakhoma pamutu pa khoma sizinaonetse kusuntha koposa kulakwitsa kwa chida choyezera, ndipo mng'alu wa kumtunda, womwe tinautseka ndi dongo, sunatsegukenso. Atatu ajawa tidzawayesanso dzinja likubwerali likatha, ndipo ntchito yochotsa zinyalala m'mapaipi asanu aja mwezi uliwonse mwini malo anaipereka kwa mlonda yemwe uja.